Mawu a Pansi pa Chithunzi cha Atikonda

Loweruka m'mawa, cha m'ma sikisi koloko, Tiwonge anapeza chitseko cha holo chili chotsegula. Loko anali pansi, wothyoka. Mlonda, a Gerishon, anali chigonere pakhonde, magazi atauma kuchokera m'khutu mpaka m'khosi. Ankapuma, koma osayankha.

Tiwonge anakuwa. Amayi osesa pamsika anathamangira komweko. Anaimitsa galimoto ya mbatatesi, n'kuwakweza a Gerishon pamwamba pa matumba, ulendo wa kuchipatala.

Holoyo inali ya tchalitchi china pa Neno boma. Tiwonge, mtsikana wa ku Blantyre, anaibwereka kuti achitiremo chionetsero cha zithunzi zojambula pamanja za anthu a ku Neno. Ntchito yake inali iyi: chithunzi chilichonse ankachisankhira mawu ochokera m'mabuku a ndakatulo, n'kuwalemba papepala lolimba, n'kumata pansi pake. Mwambo wotsegulira unali wa tsiku lomwelo masana. Koma Lachisanu madzulo anali atalola anthu kulowa kuti aoneretu.

Sajenti Maria Chadza anafika ndi wapolisi mnzake mmodzi. Anazungulira holo yonse manja ali kumbuyo. Sipika inalipo. Batire la sola linalipo. Zithunzi zinali m'makoma mwake, kupatula malo amodzi pafupi ndi zenera, pomwe panangotsala msomali.

"Chasowa n'chiyani?"

"Chithunzi chimodzi," anatero Tiwonge.

"Chimodzi basi? N'chodula?"

"Ayi. N'chobwereka. Anajambula ndi malemu Ezekiele wa ku Dambe. Mayi ake anandipatsa movutikira."

Mayi akewo anali atafika kale pakhomo. A Yunike ankagulitsa mbatatesi pamsika, ndipo nkhani inawapeza akuyala thumba. Analowa osaodira, m'manja muli dothi.

"Iwe mtsikana, chithunzi changa chili kuti?"

"Mayi, pepani..."

"Pepani ndimupachika pakhoma? Tinapangana chiyani? Ndinati Lamulungu dzuwa lisanalowe chikhale m'nyumba mwanga, ndipo munthu asachigwire. Unavomera kapena sunavomere?"

"Ndinavomera."

"Ndiye chili kuti?"

Sajenti anawakhazika pabenchi. Anafuna kudziwa chimene chinali pachithunzipo. A Yunike anafotokoza mwachidule, maso ali pa msomali. Panali mvula ndi msewu wamatope. Panali mwamuna akuthamanga, atabereka mwana wamkazi kumsana. Mwanayo anatsamiritsa tsaya paphewa, nkhope yake ikuoneka bwino lomwe. Anali Atikonda, mwana wa Ezekiele, mdzukulu wawo. Anamwalira ndi malungo zaka zitatu zapitazo, pakhomo pa chipatala cha ku Dambe. Ezekiele naye anatsatira chaka chatha.

"Foni yomwe munali zithunzi zake inagwera mumtsinje," anatero a Yunike. "Nkhope ya mwana uja kulibenso kwina. Ndi pansalu ya chithunzi chija basi. Chikapita chimenecho, ndamuikanso m'manda kachiwiri."

Wapolisi mnzake wa Sajenti analowa atanyamula zidutswa za pepala. Anazitola kunja, m'ngalande, pafupi ndi pomwe panadutsa tayala la njinga yamoto. Pepalalo linali litang'ambidwa, kenako n'kupondedwa ndi nsapato.

Sajenti analumikiza zidutswazo patebulo.

"Wakuba wofuna ndalama salimbana ndi pepala," anatero. "Awa ndi mawu a pansi pa chithunzicho?"

"Eya," anatero Tiwonge. "Ndinawatenga m'ndakatulo ya mphunzitsi wina wopuma ntchito. Ankalira mbale wake."

"Werengani timve," anatero a Yunike. "Ine dzulo ndinaona nkhope ya mwana, mapepala ndinalibe nawo ntchito."

Sajenti anawerenga pang'onopang'ono. "Ukanafulumira, mbale wanga, bwenzi lero ali moyo."

A Yunike anaimirira.

"Bwerezani."

Sajenti anabwereza. A Yunike anatembenukira kwa Tiwonge.

"Mawu amenewa unafunsa ndani?"

"Sindinafunse, mayi. Ndinaona mvula, mwana wodwala, munthu akuthamanga. Ndinaona kuti akugwirizana."

"Munthu akuthamangayo ukumudziwa?"

"Ndinkayesa ndi wongopeka m'mutu."

"Ezekiele sankapeka nkhope! Aliyense ali m'makomamu ali ndi mudzi wake, ena akugulitsa tomato panjapo. Uyo wobereka mwana ndi Lameck, wa kabaza. Ali moyo, ali ndi makutu."

Nkhani yake inali yaifupi. Tsiku limene Atikonda anadwala, Lameck ndiye anamunyamula panjinga yamoto. Njinga inatitimira m'matope. Lameck anaisiya pomwepo, n'kubereka mwana, n'kuthamanga naye wapansi. Anafika mwana atatha. Koma pamudzi panabuka mphekesera yoti anayamba waima pa mowa. Mpaka lero amayi ena akamuona amabweza ana awo m'nyumba. Ezekiele anajambula chithunzicho pofuna kumuthokoza.

Tiwonge anakhala pansi, n'kugwira pakamwa.

Sajenti anapita pa siteji ya kabaza, pafupi ndi msika. Anyamata anayamba kuyang'ana kumbali. Mmodzi, Laimoni, anavula chipewa.

"Lameck ali kuti?"

"Lero sanabwere, bwana."

"Dzulo?"

Laimoni anakanda m'mutu. "Dzulo tinapita tonse kuholo. Tinamva kuti mnzathu ali pakhoma. Iye anachita kuvala malaya a kutchalitchi, anatenga ndi mkazi wake. Titafika pachithunzipo, wina anawerenga mawu aja mokweza."

"Kenako?"

"Ndiye munthu wina kumbuyo anati, 'Eti ngakhale a ku Blantyre akudziwa.' Ena anaseka."

"Iwe unaseka?"

Laimoni anayang'ana pansi. "Lameck anangotuluka. Anasiya mkazi wake momwemo, mkaziyo anachita kupita ndi ine ku Dambe."

Sajenti atabwerera kuholo, anapeza a Yunike atakhala kale pa bampala ya galimoto ya polisi.

"Tsikani, mayi. Tikupita kuntchito."

"Tipita limodzi."

"Sizololedwa."

"Nyumba yake mukuidziwa? Munda wake mukuudziwa? Akangomva galimoto yanuyi ikukwera phiri, aponya chithunzi pamoto. Inu mukufuna Lameck, ine ndikufuna mdzukulu wanga. Galimoto muisiye kutali. Ndiyambe ndine kulankhula naye. Ndikatenga changa, inu mutenge wanu."

"Munthu ameneyu waswa mnzake mutu."

"Ine sandiswa. Ndinamusambitsapo ali khanda. Mukakana, pitani nokha mukatole phulusa."

Sajenti anawayang'ana, n'kutsegula chitseko cha kumbuyo.

Anafika ku Dambe dzuwa litapendeka. Kunkazizira, nkhungu ili m'mapiri. Galimoto anaisiya kuseri kwa sukulu. Mkazi wa Lameck anali pakhonde, maso ofiira. Sanadikire kufunsidwa. Analoza ndi mutu kumtunda, kumunda wa mbatatesi.

Kumundako kunali kachisakasa ka udzu. Njinga yamoto inali itagonekedwa m'mizere. Utsi unkatuluka. Apolisi anabisala kuseri kwa nthochi, a Yunike n'kupitirira okha.

Lameck anali atakhala pachitsa, akadali m'malaya a kutchalitchi aja. Pamkono panali magazi. Patsogolo pake panali moto, pambali pali lumo.

"Lameck."

"Mayi."

"Ndabwerera changa."

Lameck sanadzuke. Analoza pamoto. Matabwa a m'mphepete mwa chithunzi anali akunyeka. Kachidutswa ka nsalu kanali katapiringizika, penti ikuwira.

A Yunike anakhala pansi. Anagwira mtengo wa chisakasa.

"Wamuotcha?"

"Ndaotcha nkhope yanga. Ndatopa nayo."

Anapisa dzanja m'malaya, n'kutulutsa nsalu yokulunga bwinobwino. A Yunike anaitambasula pamaondo. Atikonda analipo. Tsaya lake, maso ake otseka pang'ono, kadiresi kake kachikasu. Mutu wa Lameck, chifuwa ndi miyendo zinali zitadulidwa ndi lumo. Panangotsala phewa lomwe mwana anatsamira, ndi manja awiri omugwira kumiyendo.

"Manjawo ndalephera," anatero Lameck. "Ndikanadula ndi mwana yemwe."

A Yunike anakulunga nsaluyo, n'kuiika mkati mwa chitenje, pachifuwa.

"Chitsiru iwe. Ukanabwera kwa ine, pepala lija ndikanang'amba ndekha pamaso pa anthu. A Gerishon anakulakwira chiyani?"

"Ndinapita m'bandakucha kuti ndingochotsa pepala. Nditaona nkhope yanga, ndinachotsa chonse. Potuluka anandigwira malaya. Ndinali ndi sipanala m'manja." Anayang'ana a Yunike. "Ali moyo?"

"Pomwe timanyamuka anali akupuma."

"Mayi, inu mukudziwa kuti tsiku lija sindinaime paliponse. Ezekiele anakuuzani. Zaka zitatu anthu akundinena. Bwanji simunalankhule?"

"Ndinali kulira mdzukulu, kenako mwana. Za m'kamwa mwa anthu ndinalibe nazo nthawi." Anaimirira. "Apolisi ali kunthochiko. Ndabwera nawo ndine. Usathawe, wathamanga mokwanira."

Lameck anayang'ana kunthochi. Sajenti anali atatulukira kale, unyolo uli m'manja.

"Lameck Sandalamu, ndakumanga pa mlandu wothyola holo, kuba, ndi kuvulaza a Gerishon."

Lameck anatambasula manja. Anangopempha kuti wina azimitse moto, mphepo ingautengere kumunda wa eni.

Pagalimoto Sajenti anatambasulira dzanja a Yunike.

"Nsaluyo, mayi. Ndi umboni."

"Tinapangana kuti ine changa, inu wanu."

"Khoti liyenera kuiona."

"Likafuna kuiona ndibwera nayo ndekha. Mukafuna kuitsekera, munditsekere nayo limodzi. Bulangeti ndibweretsa langa."

Anakangana mpaka pa boma. Mapeto ake Sajenti anaijambula nsaluyo ndi foni, kutsogolo ndi kumbuyo, a Yunike n'kudinda chala kuti adzabwera nayo tsiku la mlandu.

Chionetsero chinatsegulidwa patapita sabata. Tiwonge anamatula mapepala onse. Anayenda pamsika, ku Ligowe mpaka ku Dambe, kufunafuna eni nkhope, n'kumawawerengera mawu asanamate. Ena anavomera. Ena anakana, zithunzi zawo zinakhala zopanda mawu.

A Gerishon anatsitsimuka tsiku lachitatu. Anatuluka m'chipatala khutu limodzi litagontha, dzanja lamanja likunjenjemera. Ntchito ya ulonda inathera pomwepo. Kunyumba kwawo kunali ana asanu.

Tsiku la mlandu khoti linadzaza. Anthu a ku Dambe anabwera pa lole. Anyamata a kabaza anaima kumbuyo. Lameck anavomera milandu yonse. A Yunike anaitanidwa kuti aonetse nsalu. Anaitambasula, woweruza anaiona, kalaliki analemba. Atauzidwa kuti akhale pansi, sanakhale.

"Bwana, ndili ndi mawu."

"Akhale okhudza mlanduwu, mayi."

"Ndi omwewo. Mutu wa a Gerishon anaswa ndi uyu. M'mangeni, sindikumupepesera." Anatembenuka, n'kuyang'ana anthu a kwawo. "Koma inu a ku Dambe, tsegulani makutu. Tsiku limene Atikonda anamwalira, Lameck sanaime pa mowa. Anasiya njinga yake m'matope, anafika kuchipatala mapazi akutuluka magazi. Amene munaona akumwa, imirirani pano munene."

Palibe anaimirira. Wina anatsokomola. Lameck anaweramitsa mutu pa thabwa, mapewa akugwedezeka.

Woweruza anati kupsa mtima sikubweza khutu la munthu. Anamupatsa zaka zinayi akugwira ntchito yakalavulagaga.

Panja Tiwonge anawatsatira a Yunike mpaka pamsewu.

"Mayi, ndinalakwa. Ndapeza mawu ena abwino, oti mwina..."

"Sunga. Kagule ufa ukapereke kwa a Gerishon."

Anakwera lole, nsalu ili pachifuwa.

Lero chithunzicho chili pabalaza pa a Yunike, chokhomedwa ndi misomali inayi. M'mphepete mwake ndi mokhotakhota momwe munadutsa lumo. Pansi pake palibe pepala. Mlendo akachiyang'anitsitsa amafunsa kuti, kodi manja agwira mwanawa ndi a ndani?

A Yunike sacheuka n'komwe.

"A Lameck. Ali kundende. Anathamanga."