Nkhope Yoyera Mumsika wa Miyala

Choyamba kuoneka chinali mapazi onyowa pansi, ochokera kukhomo loyang'ana kunyanja mpaka patebulo la Mayi Muanacha, wogulitsa nsomba zouma. Mvula inali isanagwe kwa miyezi itatu.

Msika wakale wa pa Chilumba cha Mozambiki unali m'makoma a miyala a nthawi ya Apwitikizi, ndipo mwini hotela wina ankaufuna kuti ukhale malo odyera alendo. Kunamveka kuti amayi ogulitsa akachokamo okha, aboma amupatsa.

Usiku wachiwiri, oyandikana nawo anamva unyolo ukukhwekhwerezeka pamiyala pang'onopang'ono, kuima, n'kuyambanso. Usiku wachitatu Atija wogulitsa kokonati, atabwerera kukatenga chitenje chimene anaiwala, anaona nkhope yoyera mbuu ikumuyang'ana mumdima.

"Ndi mkazi, wapaka musiro ngati mmene timapakira ife kumaso," ananong'ona m'mawa mwake. "Akuti ndi mmodzi wa akapolo amene ankatsekeredwa kuno kalekale. Ine ndapita, achemwali."

Pofika Lachisanu, matebulo ambiri anali mbee. Muanacha anamusenzetsa Atija dengu, n'kumuikiramo nsomba ziwiri za ana.

"Inu mutsala? Moyo mwatopa nawo?"

"Lero ndigona momwemuno. Mlendo salonjeredwa ndi msana."

Anayala mphasa pansi pa tebulo. Mdima unali wandiweyani, mileme ikulira kudenga, nyanja ikupuma kuseri kwa khoma ngati munthu wodwala. Kenako unyolo uja unayamba. Unkabwera, n'kuima ngati ukumvetsera, n'kubweranso. Nkhope yoyera inatulukira pakati pa zipilala, yopanda thupi. Inawerama mpaka mpweya wake unamufika Muanacha pamphumi.

Pamenepo fungo linamupeza. Musiro amanunkhira mtengo wopera pamwala. Ili linali fungo la laimu wopaka makoma.

"Mwana wanga," anatero Muanacha motsitsa mawu, "ukapanda kukasamba msanga, khungulo lisupuka."

Unyolo unagwa pansi. Mapazi anathamangira kunyanja.

M'mawa Sualehe, mmisiri wopaka makoma kuhotela kuja, anadutsa pakhomo la msika atadziphimba nsalu kumaso. Muanacha anamugwira dzanja, n'kuchotsa nsaluyo. Masaya onse anali matuza okhaokha.

"Ee, mzukwa wapsa!" anakuwa mayi wina, msika wonse n'kufa nacho chiseko.

Muanacha sanaseke. Anamukhazika pampando wake, nayamba kumudzoza mafuta a kokonati ndi nsonga za zala.

"Anandituma, mayi," Sualehe anatero akuyang'ana pansi.

"Ndikudziwa. Usagwedezeke, ndingakupweteke. Ukawauze abwana akowo kuti miyala ya makoma awa anaisenza pamutu ndi makolo athu. Ngati muno muli mizimu, ndi yathu, ndipo siilembedwa ganyu. Ukadzere kwa Atija, umuuze kuti tebulo lake ndamupukutira."