Chitseko cha ku Siavonga

Izi ndinaziona ndi maso anga mu 1978, ndipo mkulu wanga Petronella, amene zinamuchitikira, akadali moyo ku Chelstone.

Mwamuna wake, ba Chibwe, atakwezedwa pantchito anagula nyumba ya Mgiriki wina ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba. Mgirikiyo anaimanga madzi atangomiza midzi ya Atonga: yosanjikiza, ya nsanamira zoyera pakhonde, masitepe amiyala otsikira m'madzi, ndi chitseko chachikulu cha mtengo wa mukwa chosemedwa nsomba. Nkhondo ya Rodeshiya itafika kunyanjako, anthu anasiya kupitako. Alamu angawo, posafuna kuti ulemerero wawo ubisike, anakazula chitsekocho n'kudzachiika panyumba yawo ya m'tauni ku Kabulonga.

Mavuto anayamba mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mipopi itauma. M'mawa uliwonse pansi pa chitseko pankakhala madzi. Petronella kukolopa, madzi kubwerera. Makapeti anaola. Nyumba inkanunkha matope ndi nsomba za kapenta. Okonza mapaipi anakumba khonde lonse osapeza kanthu.

"Ba Chibwe, chosani ichi chinthu," anatero Petronella, akuloza chitseko. "Nalema ine."

"Ni mame chabe."

"Mame mu Okutobala? Mukati mwa nyumba?"

Munthu ameneyu sankamva za mnzake.

Tsiku lina masana, ine ndi Petronella tili pabalaza, tinamva mafunde. Kenako nkhafi. Kenako wina akupera mapira pamphero, kuseri kwa chitseko. Petronella anapsa mtima, nakatsegula mwaukali. Panja panali fumbi lokhalokha. Koma siketi yake inali itanyowa mpaka m'chiuno.

Sabata yomweyo anapeza mwana wawo wokwawa, Sampa, ali chafufumimba pakhomopo, akusanza madzi ndi ndere. Anapulumuka. Petronella anatenga ana n'kubwera kwanga ku Kabwata, nati sabwerera chitsekocho chili pomwepo.

Ba Chibwe anagonja akung'ung'udza. Anabwereka lole, nakwezamo chitsekocho kuti akachibwezere ku Siavonga, ine n'kukwera nawo, chifukwa sitinkawakhulupirira. Njira yonse asilikali ankatiimitsa, alamu akudandaula za mtengo wawo wabwino.

Titafika, mlonda wa nyumbayo, ba Nicodemus, anasuzumira m'lole natiyang'ana.

"Bwana, mwaleta chani?"

"Chitseko cha pano."

"Cha pano chilipo," anatero motsitsa mawu. "Palibe anachosapo. Ndine nimakhoma."

Tinakwera pakhonde. Chinalipodi, ndi nsomba zake zonse, mahinjesi atachita dzimbiri, chouma gwa. Ba Chibwe anachisisita, kukamwa kuli yasa.

Kumbuyo kwathu, m'lole, winawake anagogoda.