Zenera la M'maondo

Ndikuponyereni ndagi, inu odziwa kuwerenga: n'chiyani chili ndi diso m'maondo, koma chimaona bwino kuposa inu a maso pamphumi? Mwalephera? Tiyeni, yankho tilipeza panjira.

Tsiku limenelo kalipentala wina anaweruka mochedwa, tauni yonse itagona. Anzake ankamutcha Ndinalipo, chifukwa mukangotchula chinthu chachikulu chimene chinachitika, iye msangamsanga, "Ndinalipo!" Mukanamufunsa za tsiku limene anabadwa agogo ake, akanati ndiye ananyamula beseni.

Anali kapitawo pantchito yokonzanso nyumba ya malemu katswiri wojambula mapulani a nyumba. Mkuluyo anali wotchuka zedi. Mipando, nyale, ngakhale zogwirira zitseko ankajambula yekha. Koma nyumba yake inasiyidwa, denga n'kumadontha, chiswe n'kumachita phwando. Mwana wake wamkazi anafuna kuti ibwerere mwakale, anthu azidzaiona. Lamulo lake linali limodzi: osasintha kanthu. Akapeza chosinthidwa, kapitawo anyamule macheka ake.

Tsono m'chipinda chakumapeto munali zenera lotsika, lolekeza m'maondo. Ndinalipo analamula kuti alikweze. Womanga njerwa anadandaula, koma anakalipiridwa.

"Iwe ukudziwa chiyani? Malemuwa anali mnzanga wa ponda apa m'pondepo. Chimunthu chachitali, ndevu mpaka pachifuwa! Anandiuza okha kuti zenera ili analakwitsa omanga."

Analikweza, pansi pake n'kutsekapo ndi njerwa. Mwini nyumba, mwana wa malemu uja, anali kubwera m'mawa mwake kudzayendera ntchito.

Musaganize kuti Ndinalipo anachedwa chifukwa cha khama. Kwawo kunalibe womudikira. Chimwalirireni mkazi wake, m'nyumbamo munatsala kapu imodzi, mpando umodzi, ndi wotchi yosayankha. Munthu wodzitama usiku amasauka, pakuti khoma siliwomba m'manja.

Anakhoma chitseko, kiyi m'thumba, n'kuuyamba ulendo. Masitolo anali otseka. Magetsi a mumsewu anali atathima, kupatula limodzi limene linkaphethira ngati lili ndi tulo. Ngakhale galu wouwa panalibe. Atafika pamlatho anamva mapazi kumbuyo. Anaima. Mapazi aja anaimanso.

"Mwachedwatu, amisiri."

Anali kamdala kakafupi, kadazi, jekete lakale, pensulo pakhutu, rula yamatabwa yopinda m'manja. Mtima wa Ndinalipo unakhala pansi. Wapeza khutu! Anayamba kuyala zonse: nyumba, ukapitawo, ubwenzi wake ndi malemu.

"Anali munthu wotani?" anafunsa mdalayo.

"Wamtali! Polowa pakhomo ankachita kuwerama."

"Akanakondwa kumva zimenezo," anatero mdala uja, n'kuseka pang'ono. Kenaka anati, "Munagonapo pansi m'chipinda muja?"

"Ndigone pansi ine, kapitawo?"

"Woimirira amayeza za oimirira."

Ndinalipo anafuna kuseka, koma anadzidzimuka. Iyetu sanatchule chipinda chilichonse. Awiriwo anadutsa pansi pa getsi lophethira lija. Chithunzithunzi pamsewu chinali chimodzi. Cha Ndinalipo chokha.

Anafulumiza mapazi. Mdala ali pambali. Anakhota kumanzere. Mdala ali pomwepo. Anakhota kumanja, njira yakwawo yeniyeni, imene akanayenda atatsinzina... n'kupezeka waima pageti pa nyumba ija!

Chitseko chinali chotsegula. Anagwira m'thumba. Kiyi alimo.

"Lowani."

Miyendo inamvera yokha. Anadutsa pabalaza ponunkha vanishi, mipando itafunditsidwa nsalu zoyera ngati anthu odikira uthenga woipa. Anafika m'chipinda chakumapeto.

"Bedi linali apa. Gonani."

Anagona pasimenti pozizira. Anatembenuzira mutu kumene kunali zenera lakale. Njerwa. Njerwa zokhazokha. Chete. Kenaka pafupi ndi khutu lake penipeni munthu anatsokomola... chifuwa chofooka, cha mayi.

"Bambo... sindikuona msewu."

Mayo! Tsitsi linaima. Koma chimene chinamubaya si mantha okha. Mawu amenewo anawamvapo. Mkazi wake, miyezi yomaliza, ankagona choyang'ana khoma, n'kumafunsa, "Kunja kukuoneka bwanji lero?" Ndipo iye, kalipentala wamkulu, ankangoyankha, "Chimodzimodzi dzulo," n'kupita kukaseketsa anzake kuntchito.

Analira, anthuni. Bambo wamkulu, mamina mpaka pakamwa.

Atadzuka anaona mdala uja atagwada, wafunyulula rula yake, akulemba mzere pakhoma ndi pensulo. Ndinalipo anatenga hamala ndi tchizulo. Mwayi wake simenti inali isanagwire kwenikweni. Anagumula njerwa, natsitsa felemu mpaka pamzere paja, namata. Kangapo konse ankamva ngati wina akumugwirira mbali ina ya felemu, koma sanayerekeze kuyang'ana. Kunja kutayamba kuyera anacheuka kuti athokoze. M'chipindamo anali yekha.

Anagonanso pansi paja n'kuyang'ana. Msewu wonse unaoneka, geti, ndi mtengo wa pageti.

Mukuganiza kuti munthu atasambitsidwa chotere amasintha? Galu sasiya kukunkhulira paphulusa. Anzake atafika n'kumupeza ali mbuu ndi fumbi, anatukula chifuwa.

"Ndimakuyesani dzulo, ana inu! Ndimafuna ndione ngati muli ndi maso."

Posakhalitsa mwini nyumba anafika, mayi wa imvi zake, atanyamula chithunzi chokulunga m'nsalu choti apachike pabalaza. Anayendera zipinda zonse. Atafika pazenera lija anagwada, naligwira ngati akugwira tsaya la mwana.

"Amayi anga anadwala zaka zambiri, osadzuka," anatero. "Bambo anaboola khoma pano kuti azitiona tikamachokera kusukulu. Ndinkaopa kuti mulikweza. Mwagwira ntchito, akapitawo."

"Ndingakweze bwanji, mayi? Tsiku limene ankaboola khomali, ine ndinalipo!"

Mayi uja anamuyang'ana. Anamasula nsalu ija. Pachithunzipo panali kamdala kakafupi, kadazi, pensulo pakhutu.

Ndinalipo analumpha, phazi n'kulowa m'chitini cha penti.

"Uyu! Mdala wa usiku uja! Amene anandigoneka pansi n'kundilembera mzere! Ndani ameneyu?"

"Awa ndi bambo anga," anatero mayi uja pang'onopang'ono. "Tinawaika m'manda inu musanamere mano."

Kenaka womanga njerwa anakanda kumutu.

"Akapitawo, mnzanu wa ponda apa m'pondepo mwamuiwala nkhope? Nanga ndevu zija anakametera kumanda?"

"Ndi msinkhu womwe anaudulako kuti akwane m'bokosi!" anawonjeza wopaka penti.

Chiseko chinaphulika mpaka galasi la zenera lija linanjenjemera. Ngakhale mayi uja, misozi ili m'masaya, anagwira nthiti. Ndinalipo anangoima, phazi limodzi loyera, akutsegula pakamwa ndi kutseka ngati nsomba yapamtunda.

Ndagi ija yankho lake mwaliona: ndi nyumba imeneyo. Ntchito sanamuchotse Ndinalipo. Chimene anataya ndi dzina, pakuti kuyambira tsikulo anzake amamutcha Gonani. Ndipo taonani tsoka lake: nkhani imodzi yokha yoona imene analipodi, akayamba kuifotokoza, onse amagwa ndi phwete.