Diresi Lomwe Linagwera pa Mbaula

Aphunzitsi a Chingerezi atalemba mawu akuti tantrum pa bolodi, ana a Giredi 8 anayamba kuwatchula mopikisana.

"Ndi kupsa mtima kwachibwana," anatero aphunzitsiwo. "Mwana ukamumana chinthu amadzigwetsa pansi, kukuwa, kuponya zinthu. Kumene mawuwa anachokera, ngakhale eni chinenero sadziwa bwino. Ndani angatiwonetse?"

Evans, kadaulo wa nthabwala, anagubuduka pansi uku akupalasa miyendo. Anzake anafa nalo phwete. Koma mtsikana wina, Ottilia, anawerama chifukwa sewero limeneli iye analichitadi patchuthi, ndipo tsikulo panalibe woseka.

Mayi ake anamwalira iye ali wakhanda, choncho ankaleredwa ndi mkulu wake Susan, telala wa pamsika wa Katete. Mwambo wa Kulamba utayandikira, Ottilia anafuna diresi la m'sitolo loti akatchene nalo ku Mkaika, komwe mwambowu umachitikira, ngati anzake. Koma Susan anamusokera la chitenje chakale cha maluwa ofiira.

"Sinifuna! Asisi, mufuna anzanga akaniseke?" anakuwa Ottilia.

Mtsikana wamkulu ndithu, koma anapondaponda pansi, kulira ngati kamwana kolandidwa chitumbuwa, kenaka n'kuponya diresilo osayang'ana. Linagwera pa mbaula. Pomwe Susan ankalitsomphola, moto unali utadya kale.

Susan sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Amayi ankakuberekera m'chitenje chimenechi. Mwa zovala zawo chinatsala n'chokhachi, ndiye ndinasunga kuti ukakula udzavale."

Chichitikireni zimenezo, Ottilia anali asanapepese. Manyazi ankamutseka pakamwa, ndipo m'nyumba ankangopatsana moni ngati alendo.

Tsiku la phunzirolo, Ottilia ataweruka kusukulu, analunjika kumsika. Anapeza mkulu wake akupalasa makina.

"Asisi, ndinalakwa. Mundikhululukire," anatero misozi ili chuchuchu. "Kodi palibe kansalu kamene kanatsalako?"

Susan anaimitsa makina n'kumuyang'ana. "Kukhululuka ndinakhululuka kale, mng'ono wanga. Koma chapsa chapsa." Anatsegula kabokosi ka ulusi n'kutulutsa kansalu kokwana pachikhatho, ka duwa limodzi lofiira, m'mbali muli bii.

Ottilia anakalandira ndi manja awiri. Anakafikitsa pamphuno, poganiza kuti mwina amvako kafungo ka mayi amene sankawakumbuka n'komwe. Kankangonunkha utsi.