Anastazia ndi Ufa Wakuda

Anastazia anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala m'mudzi wina pafupi ndi Kasina. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna Jesinta ayambenso kumulankhula.

Jesinta anali mnzake wapamtima. Nyumba zawo zinayang'anizana. Minda yawo inagundana malire. Kusukulu ankapita limodzi. Kuchitsime ankapita limodzi. Koma tsopano Jesinta ankadzera njira ina.

Tsiku lina Anastazia anamutsekereza panjira.

"Jesinta, ndakulakwira chiyani?"

Jesinta anayang'ana uku ndi uku. Analankhula chapansipansi.

"Amayi andiletsa. Akuti abambo ako amakawa. Akuti ali ndi mankhwala okoka mbewu zathu kuti zipite m'munda mwanu."

"Ndi bodza," anatero Anastazia.

"Kaone nyemba zanu. Kaonenso zathu," anatero Jesinta. Kenako anathawa.

Anastazia anapita kumunda. Nyemba zawo zinali biriwiri. Nyemba za a Marita, amayi a Jesinta, zinali zachikasu ndi zowonda. Dothi linali lomwelo. Mvula inali yomweyo.

Anastazia anakumbukira tsiku lodzala. Abambo ake, a Kalisto, anapita kuseri kwa nkhokwe. Anakhala pamthunzi. Anatulutsa kapaketi ka ufa wakuda ngati mwaye. Anasungunula shuga m'madzi. Anawaza madziwo pa mbewu, n'kuthirapo ufa uja. Anayang'ana uku ndi uku. Kenako anaphimba dengu ndi chiguduli, n'kuthamangira kumunda.

Bwanji kuseri? Bwanji pamthunzi? Bwanji kuphimba?

Anastazia anayamba kuwalonda abambo ake. Anawayang'ana akudya. Anawayang'ana akunola khasu. Lamulungu anawayang'ana akuimba m'tchalitchi ku Kasina. Kodi munthu wokawa amaimba chonchi? Anastazia sanadziwe. Munthu ukayamba kumukayikira, ngakhale kuyetsemula kwake kumaoneka kwachilendo.

Kuchitsime nako zinthu zinasintha. Amayi a Anastazia akafika, azimayi onse ankangoti zii. A Marita okha ndiwo ankakweza mawu.

"Nkhaniyi ikafika kwa atcheyamani a chipani," anatero a Marita.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi chokha. Dzina la munthu likafika kumeneko, nyumba yonse inkagwidwa mantha. Anastazia naye anachita mantha.

Masana ena anatenga kamtengo. Anapita yekha kumunda. Anati akafukule mankhwalawo, awataye kutali. Anakumba pamalire. Anapeza miyala. Anakumba pena. Anapeza nyongolotsi. Ndipo anazula nyemba imodzi ya kwawo.

Mizu yake inali yambirimbiri, ngati ndevu za chimanga. Pa mizupo panali timibulu tating'ono. Anazulanso imodzi ya kwa a Marita. Mizu yake inali yochepa ndi yaifupi.

"Ukuzuliranji nyemba, mwanawe?"

Anali abambo ake, khasu lili paphewa. Anastazia anayamba kulira.

"Ababa, kodi mumakawa?"

A Kalisto sanaseke. Sanakalipe. Anatula khasu, n'kukhala pamzere. Funsolo linawapweteka, chifukwa linachokera kwa mwana wawo.

"Khala pansi," anatero. "Ufa uja anandipatsa alangizi a zaulimi kuti ndiyese. Muli tizilombo tamoyo. Ndi tating'ono kwambiri. Sitioneka ndi maso."

"Tizilombo? Ngati todwalitsa m'mimba tija?"

"Tilipo toipa. Tiliponso tabwino. Iti ndi tabwino. Timakhala pa mizu. Timatulutsa timadzi tokulitsa mizu. Mizu ikachuluka, mbewu imamwa bwino. Imadyanso bwino."

Anastazia anapukuta misozi. Koma mafunso anali asanathe.

"Nanga pamthunzi bwanji?"

"Dzuwa limapha tizilomboto."

"Nanga kuphimba?"

"Dzuwa lomwelo."

"Nanga shuga?"

"Shuga amamata ufa ku mbewu."

"Nanga kuseri kwa nkhokwe, n'kumayang'ana uku ndi uku?"

A Kalisto anakanda kumutu.

"Shuga uja anali wa tiyi wa amayi ako. Ndinatapa osapempha."

Anastazia anaseka, misozi ili m'masaya. Bambo wamkulu, wandevu, kuopa chitini cha shuga. Koma kuseka kuja sikunachedwe kutha.

"A Marita sakakhulupirira mawu okha," anatero Anastazia.

"Ndikudziwa," anayankha a Kalisto.

Anastazia anaganiza. Anaganizanso.

"Ababa, nyemba zachiwiri tidzala mwezi uno. Kapempheni ufa wina. Ukalowe m'munda mwa a Marita."

A Kalisto anakapempha. Alangizi anawapatsa kapaketi kena. Ndipo awiriwo anapita kwa a Marita.

"Odi kuno."

A Marita anatuluka. Sanayale mphasa. Anayang'ana kapaketi kaja ndi diso la kumbali.

"Mwabwera kudzamaliza zotsala?" anafunsa.

Anastazia anagwada.

"Amayi, tipatseni mzere umodzi wokha. Mbewu zikhale zanu. Manja akhale anu. Ababa sapondamo m'munda mwanu."

Jesinta ankasuzumira pakhomo.

"Mzere wa kumapeto uja, wa pamiyala," anatero a Marita. "Koma ukafa, ndikupita kwa atcheyamani."

Anakhala pamthunzi wa khonde. A Marita ananunkhiza ufa uja.

"Ukungonunkha dothi," anatero.

Anasakaniza okha. Anaphimba okha. Anadzala okha. Atatha, anasamba m'manja katatu, ndi phulusa lomwe.

Sabata yoyamba, nyemba zinamera. Mzere uja unali ngati inzake. Sabata yachiwiri, unali ngati inzake. Sabata yachitatu, unali ngati inzakebe. Anastazia ankaima pamalire tsiku lililonse. Kodi tizilombo tija tinafa? Kodi dzuwa linalowa m'dengu? Chakudya chinasiya kumukomera.

A Marita nawo ankabwera. Ankayang'ana mzere uja. Ankayang'ana Anastazia.

Sabata yachinayi, masamba anayamba kusiyana. Sabata yachisanu, aliyense anaona. Mzere wa pamiyala unali biriwiri. Unaposa mizere yonse ya m'mundamo.

A Marita anazula nyemba ziwiri. Imodzi ya mumzere uja. Ina ya mumzere wina. Anaziika pamodzi pansi. Ya mumzere uja inali ndi mizu yambirimbiri. Ina inali ndi mizu yochepa. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Wokawa amachotsa," anatero pang'onopang'ono. "Uyu wandiwonjezera."

Madzulo dzuwa lisanalowe, kunamveka odi. Anali a Marita. Pambuyo pawo panali Jesinta, atanyamula mbale ya khwanya. Anali masamba a nyemba za mumzere uja.

A Marita anakhala pansi pakhonde.

"A Kalisto, pakamwa panga panathamanga. Ndinaipitsa dzina lanu popanda chifukwa. Pepani."

"Zatha, mayi," anatero a Kalisto. "Nane ndinalakwa. Chinthu chabwino ndinachichitira kuseri."

"Mawa ndikauza azimayi onse," anatero a Marita. "Ndipo ndikakweza mawu."

Amayi a Anastazia analandira mbale ija ndi manja awiri. Anaphika khwanya wothira nsinjiro. Onse anadya pamphasa imodzi.

Jesinta anakhala pafupi ndi Anastazia. Poyamba anachita manyazi. Kenako anasendera pang'ono. Anasenderanso.

"Njira ina ija ndi yaitali," anatero Jesinta. "Ndinkakusowa tsiku lililonse."

"Nane ndinkakusowa," anatero Anastazia.

"Mawa undidikire popita kusukulu."

"Ndikudikira. Koma usachedwe."

Jesinta sanachedwe. Anafika Anastazia asanasukusule n'komwe.