Miyala Itatu ya Germano

Mwamuna wanga Germano anatuluka m'nyumba akutafuna chinangwa, nsapato imodzi ili m'manja.

"Uwauze makina ako aja asamawerenge mitengo yanga ngati mbuzi," anatero. "Azipereka kaye moni."

Ndinaseka. Madzulo ake galimoto ya malasha inamugunda ali pa njinga, pa msewu wa ku Zobue.

Ndimagwira ntchito ku kampani ina ya mgodi ku Moatize. Chaka chilichonse timalemba relatoriyu, lipoti la fumbi, madzi, ndi mitengo imene tabwezera pa milu ya dothi lofukulidwa. Mitengoyo ankabzala ndi mwamuna wangayo pamodzi ndi amayi a ku Chipanga. Yowerenga ndi programa ya pakompyuta. Ndinaionetsa zithunzi zambirimbiri zojambulidwa m'mwamba mpaka inaphunzira kuzindikira mbande yamoyo.

Tinadziwa mochedwa kuti sinkayang'ana masamba. Germano ankazinga mbande iliyonse ndi miyala itatu yoyera, ngati mafuwa. Programa inaphunzira miyalayo.

Germano atamwalira, abwana anati mulu wakumpoto ukapezeka wopanda mitengo, nazale yathu ya mbande itsekedwa, amayi aja apite kwawo. Koma pa zithunzi zatsopano programa inati muluwo wadzaza.

"Mana Natércia, kumeneko sitinabzaleko," anandiuza Edilson, mnzanga wa pa ntchito. "Makinawa nawonso akulira maliro."

M'mawa mwake ndimayenera kusaina relatoriyuyo. Bodza sindikanasaina. Kutada ndinapita kukaona ndekha.

Mlonda, a Damião, anatsegula chipata osafunsa.

"Mwachedwa kubwera, mayi," anatero. "Lero ayambira kumtunda."

"Ndani?"

Anangondipatsa tochi.

Ndinakwera. Mwezi unali utatuluka. Dothi linali likadatentha kunsi kwa nsapato. Kenako ndinamva madzi akuthiridwa, pang'onopang'ono, kusiya, kuthiranso. Ndinamva mluzu. Inali nyimbo ya kutchalitchi, yophonyedwa pamalo pomwe munthu mmodzi yekha ankaiphonya, akwaya mpaka kumuletsa.

Ndinazimitsa tochi.

Kutsogolo kwanga wina anali atawerama. Anaika mwala. Anaika wina. Wachitatu anautembenuzatembenuza kufuna mbali yoyera, monga mwa masiku onse. Sanacheuke, inenso sindinaitane. Ndinangozindikira kuti ndikuseka, koyamba chichokereni kumanda.

Pamapazi panga panali mbande ya masawu yofika m'bondo. Ina patsogolo. Ina, ndi ina, mizere mpaka kuseri kwa mulu.

"Moni," ndinaiuza yoyambayo.

Mluzu unasiya pang'ono. Kenako unapitiriza.

M'mawa tinabwerera ndi Edilson, tinagwira mtengo uliwonse ndi manja. Programa sinalakwitse. Ndinasaina. Nazale ikugwirabe ntchito, ndipo amayi a ku Chipanga amati iwo za mulu wakumpoto sazidziwa, koma akamadutsapo amapereka moni.

Unali mwezi wa Outubro, mvula isanagwe. Pansi pa mbande iliyonse panali ponyowa. Thanki ya madzi inali yokhoma, ndipo kiyi wake ali kunyumba, m'thumba la malaya a Germano amene anatibwezera kuchipatala.