Babu Lofiira pa Njinga ya a Vern

Babu loyamba litapsa, a Vern Halonen sanadandaule. Linali babu lofiira la pa dashibodi ya njinga yawo yamoto, lija limayaka ukatembenuza kiyi n'kuzima oilo akafika mu injini. Munthu amene wakonza njinga zaka makumi anayi sangasowe tulo chifukwa cha kanthu kochepa ngati nyemba. Anaikapo lina Lolemba m'mawa, n'kulowa m'nyumba kukamwa khofi.

Lachiwiri m'mawa analipeza lakufa, galasi lake litada bii.

Apa a Vern anayamba kuda nkhawa, chifukwa Loweruka linali tsiku lopita ku manda a mng'ono wawo Arvo, ulendo umene ankayenda chaka chilichonse chipale chisanatseke misewu ya kumpoto kwa Michigan. Arvo anafa injini itagwira ali pa liwiro, oilo atatha, babu lochenjeza lili lakupsa. Kuyambira pamenepo a Vern analumbira kuti sadzakwera njinga babu limenelo lisakuyaka. Komanso akazi awo, mayi Doreen, anali atayamba kale kung'ung'udza kuti zaka 74 si zokwerera njinga, ndiye kuphonya ulendowu kunali kuwapatsa poyambira.

Anafufuza paliponse. Anayeza batire, anayeza ngati magetsi akupyola mlingo injini ikamalira, anapala dzimbiri pokhala babu, anamangitsa waya wotsikira ku chitsulo. Zonse zinali bwinobwino. Koma Lachitatu m'mawa babu lachitatu linali litapsanso, njinga isanayende n'komwe.

Tsiku lomwelo a Gus oyandikana nawo nyumba anabwera kudzabwereka sipanala, ndipo pakamwa pawo sipankakhala chinthu.

"Akulu, mwakalamba eti? Babu lokha likukugonjetsani? Komatu dzulo kutangoda ndinaona tochi ikuyenda m'galaja mwanumu. Ndimayesa ndinu."

A Vern anayankha kuti nthawi imeneyo anali pa mpando wawo m'nyumba kudikira chakudya. A Gus anasiya kuseka. Anatsitsa mawu n'kunena kuti anthu mumsewumo akunong'onezana za mzimu wa Arvo, poti mwezi umene anafa ndi womwewu. Mayi Doreen, amene anali pakhomo ndi mbale m'manja, anangowerama n'kubwerera m'kati.

Madzulo a Vern anadontheza penti wofiira wa m'zikhadabo patsinde pa babu latsopano. Kutacha, babu lakupsa limene anazula linalibe kadontho. Mababu sankapsa ayi, wina ankawasintha.

Lachinayi anaganiza zobisalira okha. Dzuwa litalowa anakhala pa ndowa kuseri kwa njinga, magetsi atazimitsa. Mdima unadzaza galaja pang'onopang'ono, kuyambira m'ngodya. Malata ankathetheka chifukwa cha kuzizira, mphepo inkakwekweresa masamba ouma pansi pa chitseko ngati mapazi a munthu wozengereza kulowa, ndipo fungo la oilo linali lomwe lija la zovala za Arvo. Anachita mantha enieni, osati masewera. Kenako anangozindikira akuitanidwa kukadya, zala zawo zili ndi girisi. Sanaone munthu. Lachisanu m'mawa babu linali lakufa.

Mkwiyo wawo unagwera mayi Doreen poganiza kuti ndiwo ankasintha mababuwo, ngakhale sanaunene. Mwakachetechete anatenga kamera imene ankamangirira pa mtengo nyengo yosaka agwape, yojambula yokha chinthu chikadutsa, n'kuibisa pa shelefu m'galaja.

Loweruka m'mawa anaitana mayiwo kuti aonere limodzi zithunzi, ali ndi chikhulupiriro kuti lero lokha wina ayaluka. Chithunzi choyamba chinaonetsa chitseko chikutseguka nthawi itangokwana sikisi. Chachiwiri, munthu wowerama atavala jekete yachikopa, tochi ili kukamwa. Manja ake ankadziwa ntchito: anazula babu labwino n'kuliika m'thumba, anatola lina m'chitini chotayiramo akupsa n'kulibweza mosamala kwambiri. M'chithunzi chomaliza munthuyo anali atatembenuka, nkhope ili yokhutira ngati ya mmisiri amene wamaliza kukonza chinthu. Inali nkhope yawo.

A Vern anadzuka n'kukapisa dzanja m'thumba la jekete yopachika kuseri kwa chitseko. Munali mababu asanu abwinobwino, limodzi lili ndi kadontho kofiira. Anayesa kukumbukira, koma m'mutu munalibe kanthu.

"Munadziwa liti?" anafunsa monong'ona.

"Lolemba, bambo. Mumati mukukakonza babu la Arvo, n'kubwera mutaiwala. Ndinkaopa kukuuzani."

A Vern anayang'ana manja awo. Kenako anatulutsa kiyi wa njinga n'kumukankhira kwa akazi awo pa tebulo.

"Tipite pa galimoto, muyendetse ndinu. Njira ya kumanda ndikuidziwa. Koma ndikakusokeretsani, musandimvere."